Manda a Mwini Nsupa

Padangotero, kale nyama zikadali ndi mafumu ndi mabwalo a milandu, padali midzi iwiri yoyang'anizana pamtsinje. Tsidya lino mfumu idali Njati, tsidya lija Nchefu. Midzi iwiriyi idali pachidzukulu. Maliro akagwa kwa Njati, okumba manda, osambitsa mtembo ndi ounyamula ankachokera kwa Nchefu. Akagwa kwa Nchefu, adzukulu ankachokera kwa Njati. Manda nawo adali amodzi, pafupi ndi powolokera.

Mwambowu udalipobe, koma chibale chidali chitafa. Chidafa ndi nsupa.

Nungu, sing'anga wa m'dzikomo, adapeza njira yotsekera mphenzi m'nsupa. Adapanga zitatu. Yoyamba adakaiyesa kudziko la Agwape, ndipo dzikolo lidatha tsiku lomwelo. Ziwiri zotsalazo adagulitsa, ina kwa Njati, ina kwa Nchefu, aliyense akumunong'oneza kuti mnzako wagula kale. Atalandira zake adasamuka.

Nsupazo zidali zazing'ono, koma zinkatuluka mpweya wosaoneka ndi wosanunkha. N'chifukwa chake mafumu eni ake sankazigwira. Nsupa ankaimangirira kunsonga ya nsungwi yaitali, nsungwiyo n'kusenzetsa tinyama tating'ono, mbewa ndi asakhwi. Wosenza akatha chaka, ubweya unkasosoka, m'kamwa n'kumatuluka magazi, kenako ankaitana adzukulu. Woigwira ndi manja ndiye sankaona mvula yotsatira.

Kwa Njati kudali sakhwi wina wamasiye, dzina lake Nachisale. Mwamuna wake adafa ndi nsungwi yomweyo. Adatsala ndi mwana mmodzi, Sankhulani, amene adakakwatira kwa Nchefu n'kukhala komweko pachikamwini. Nachisale sankadziwa kukhala pansi. M'mawa kumunda, masana kumsika ndi zitumbuwa, dzuwa likapendeka kusukulu ya kwacha, kumene amayi amene sadaphunzire paubwana ankaphunzira kulemba ndi kuwerenga. Munthu akamazengereza polankhula, mphuno yaitali ya Nachisale inkayamba kunjenjemera.

Mphunzitsi wawo adali Nang'omba, bambo wa mawu aakulu ndi mtima waung'ono. Tsiku lina akuphunzitsa mawu oti nzika, Muimba adafika mochedwa. Muimba adali mlendo m'mudzimo, mayi wosavula duku ngakhale kutenthe bwanji. Adakhala pafupi ndi Nachisale n'kumukodola.

"Achemwali, ndachokera kutsidya. Mwana wanu amusenzetsa nsungwi."

"Sankhulani?"

"Yemweyo. Akuti mkamwini alibe mwini. Apongozi ake ayesa kudandaula, awabweza."

Kutsogolo Nang'omba ankapitiriza. "Nzika yabwino imalima, imamvera mfumu, imapita kuntchito ya chitukuko." Kenako adatsitsa mawu. "Ndipo zinthu zikalakwika imalankhula. Tiyeni tilembe."

Nachisale adaimirira. "Aphunzitsi, mwati zikalakwika imatani?"

"Imalankhula, mayi. Koma izo n'za m'buku lachiwiri, sitinafikeko."

"Ine ndafikako. Mwatiphunzitsa kulemba mayina athu, zikomo. Tikalembe pati, pamitumbira?"

"Khalani pansi, aNachisale. Nkhani za nsupa si za pasukulu."

"Nanga n'za kuti?" Adafunsa ndi Muimba. Adamasula duku lake, ndipo amayi onse adaona mutu ndi khosi zopanda nthenga, khungu lokhalokha lamakwinya. "Ine kwathu n'kwa Agwape. Tsikulo ndidali m'mwamba, kutali. Ndidaona kuwala, kenako ndidamva kutentha kumutu. Nditatsika, chisa changa padalibe, mtengo wake padalibe. Ife aimba timadya zakufa, si chinsinsi. Abale anga amene adadya za tsikulo adafa onse. Mitembo idangokhala pamtetete, chifukwa woika padalibe. Amene adapulumuka adabereka ana opanda maso. Mukufuna nkhani imeneyi ikakambidwe kuti, aphunzitsi?"

Nang'omba adayang'ana choko chake.

Tsiku lomwelo ophunzirawo adapeka nyimbo. Adatenga maimbidwe a pasiwa, aja olemera oyenda pang'onopang'ono, n'kuikamo mafunso okhaokha. Woyambitsa ankafunsa kuti adzakumbe manda ndani, adzasambitse ndani, adzasese nyumba ya maliro ndani. Ovomera sankayankha, ankangobweza funso lomwelo kwa iye.

M'mawa mwake adapita nayo kubwalo la Njati. Adagwada, adawomba m'manja. Njati adali mfumu yokonda kuseka, ndipo pambali pake padali Nguluwe, mkulu wa asilikali, amene sankaseka konse. Chapatali padaima kambewa ndi nsungwi paphewa.

"Awa ndiwo ana a sukulu?" adatero Njati akubzikula. "Ana a sukulu a masiku ano ali ndi imvi. Mwabwera kudzandiwerengera a, e, i?"

"Tabwera ndi pempho, Chalo," adatero Nachisale. "Nsupa itayidwe."

"Mayi, nsupa imeneyi ndiyo ikukugonetsani tulo. Nchefu satiputa chifukwa akudziwa kuti ndili nayo."

"Amuna anga idawagonetsadi, Chalo. Mpaka lero sanadzuke."

Nguluwe adasuntha, koma Njati adaseka mpaka kutsokomola. "Kamayi aka kali ndi pakamwa. Chabwino, ine si wovuta. Kamuuzeni Nchefu ataye yake. Akataya lero, ine mawa."

Amayiwo adawoloka. Nchefu adali mfumu yaulemu, yolankhula mofatsa. Adawapatsa mphasa, adawamvetsera mpaka kumapeto, adapukusa mutu mwachisoni pomva za Agwape.

"Mwanena zoona zokhazokha, amayi. Ine nsupa sindiifuna ngakhale pang'ono. Njati ataye yake lero, ine mawa."

Ali mkati molankhula, Nachisale adaona mwana wake kuseri kwa bwalo, nsungwi ili paphewa. Adadzuka kuti apite komweko.

"Amayi, musayandikire," adatero Sankhulani. "Imani pomwepo. Ndili bwino."

"Tembenuka ndione phewalo."

"Ndati ndili bwino."

Sadatembenuke. Pobwerera amayiwo adaimba nyimbo yawo powolokera, ndipo akazi a kwa Nchefu amene ankachapa pamenepo adasiya kuchapa n'kumamvetsera. Asanafike tsidya lino, adamva ovomera achuluka kumbuyo kwawo.

Adapita kwa Njati kachiwiri, adawabweza kwa Nchefu. Adapita kwa Nchefu, adawabweza kwa Njati. Miyendo idatupa, zitumbuwa zidasasa osagulitsidwa.

"Kugwada kwatikwana," adatero Nachisale kusukulu. "Mawondo anga atha ngati a mbuzi. Tsopano tiime."

Chaka chilichonse pokolola, Njati ankayendetsa nsupa m'mudzi monse kuti anthu aione, ng'oma zikulira. Tsikulo litafika, ophunzira a sukulu ya kwacha adatenga masileti awo, aliyense n'kulembapo mawu amodzi amene onse ankatha kulemba osalakwitsa: AYI. Adaima mopingasa njira, masileti m'mwamba, nyimbo pakamwa. Ulendo uno woyambitsa adawonjezera funso lina, lofunsa kuti mfumu nayo idzaikidwa ndi yani.

Ng'oma zidaleka. Njati sadaseke.

"Chokani panjira," adatero Nguluwe.

"Werengani kaye, akulu," adayankha Nachisale. "Kapena tikuwerengereni?"

Nguluwe sankadziwa kuwerenga, ndipo mudzi wonse unkadziwa zimenezo. Wina kumbuyo adaseka. Basi asilikali adalowa pakati pa amayiwo ndi zibonga. Masileti adasweka, mitu idang'ambika. Pafupi ndi Nachisale padaima mnzake Mfuko, mayi wofatsa amene ankakhala naye mphasa imodzi kusukulu. Nguluwe adamenya sileti ya Mfuko ili kumaso, zidutswa zake n'kulowa m'maso onse awiri.

Madzulo ake kusanade, Njati adaitanitsa bwalo. Nang'omba adagwada n'kunena kuti iye amangophunzitsa zilembo, zimene amayi amachita nazo sazidziwa. Sukulu idatsekedwa. Kenako Njati adalankhula.

"Nyimbo imeneyi ndaimvanso ikuchokera kutsidya. Ndiye kuti watuma amayiwa ndi Nchefu, kuti ine nditaye yanga iye atsale ndi yake. Chabwino. Mvula isanagwe, nsupa yanga ikasweka pabwalo pake."

Mawuwo adawoloka mtsinje tsiku lomwelo, ndipo Nchefu adayankha mofatsa kuti mvula isanagwe, yake ikasweka pabwalo la Njati. Woti akaiponye adali yemwe ankaisenza.

Amayi ena adayamba kumuzemba Nachisale pachitsime. Wina adamuuza pamaso. "Tidali bwinobwino ndi mantha athu. Taonani tsopano, mwatifulumizitsira imfa." Nachisale adadziwa kuti mayiyo sankanama.

Adapita kukazonda Mfuko, atatenga phala. Adamupeza atakhala pakhonde, nsanza kumaso, akupalasa dothi ndi zikhadabo.

"Mukutani, anzanga?"

"Ndikuyesa ngati ndingathebe kukumba. Ndikutha, kukumba sikufuna maso. Ndikuganiza zokumbiratu manda anga, aNachisale. Tsikulo adzukulu adzapsa limodzi nafe. Ndani adzandikumbire?"

Mphuno ya Nachisale idayamba kunjenjemera. Adaika mbale pansi.

"Manda akakumbidwa, mtembo n'kusapezeka, amatani?"

"Mukufunsa ngati mwana. Manda sagona apululu. Dzuwa likalowa ali chitsegukire, amaitana mwini wake. Amaikamo thunthu la nthochi n'kukwirira."

"Nanga nthochi itasowa?"

"Nthochi ingasowe m'dziko lonse lino?"

"Idyani phala, anzanga. Mukufunika mphamvu. Mukumba manda awiri, koma si anu."

Nachisale adayenda khomo ndi khomo kwa ophunzira anzake, ngakhale aja omuzemba. Sadawanyengerere, nthawi yake adalibe. Ankangoti, "Mvula ili pafupi. Muli ndi nzeru ina? Ngati mulibe, tengani chikwanje." Muimba adauluka kukauza akazi a kutsidya, aja adaphunzira nyimbo pochapa. Masiku otsatira, amayi a midzi yonse iwiri adagwira ntchito yodula nthochi. Amuna akafunsa, ankati zagwidwa matenda, zikapanda kudulidwa zipatsira zinzake. Amuna sadafunsenso, poti nkhani za kudimba sizinkawakhudza, maso awo adali pankhondo. Mathunthu onse adaponyedwa mumtsinje, madzi n'kupita nawo.

Tsono m'mawa wina amayiwo adalowa kumanda ndi makasu. Mwa mwambo akazi sakumba manda.

"Mizimu itikwiyira," adatero wina.

"Ikakwiya ibwere idzakumbe yokha," adatero Nachisale. "Amuna onse akunola mikondo."

Mwambo udali woti potema khasu loyamba amatchula mwini manda. Nachisale adatema pamalo oyamba n'kunena mokweza kuti manda awa ndi a mwini nsupa wa tsidya lino. Adatema pamalo achiwiri n'kunena kuti awa ndi a mwini nsupa wa tsidya lija. Mfuko adalowa pansi, dothi n'kumauluka. Adakumba mozama kuposa manda onse amene adakumbidwapo, ndipo pansi pa dzenje lililonse adaboola kachipinda ka m'mbali kogonekamo mtembo.

Dzuwa lili pamutu, Muimba adatera pabwalo la Njati, mapiko ali lende.

"Chalo, ndabwera ndi uthenga wa maliro. Mfumu Nchefu yatisiya. Manda akumbidwa kale. Akudikira adzukulu."

Muimba akanena za imfa, ndani angatsutse? Njati adagwetsa nkhope monga mwa mwambo, koma mchira unkavina.

"Mdzukulu sakana maliro. Nguluwe, sonkhanitsa mudzi. Nsupa nayo ipite, amasiyewo akaone kuti mfumu yawo tsopano ndani."

Muimba adauluka n'kukatera kwa Nchefu ndi uthenga womwewo, dzina lokha litasintha. Nchefu adagwetsa misozi iwiri yaulemu n'kulamula kuti mkamwini uja atsogole ndi nsungwi.

Midzi iwiri idakumana kumanda, uwu ukulira Nchefu, uwo ukulira Njati. Kulira kudayamba kuzilala kutsogolo, kenako pakati, mpaka kumbuyo. Mafumu awiri adaima maso ndi maso, onse amoyo, pakati pawo maenje awiri ali yasa. M'mbali mwa maenjewo mudakhala ophunzira a sukulu ya kwacha ndi makasu awo, dothi lili m'miyendo, akuimba nyimbo ija motsitsa.

"Ndimayesa mwafa, achimwene," adatero Nchefu.

"Inenso ndimayesa inu."

"Msampha uwu," adatero Nguluwe. "Chalo, lamulani tiponye."

"Ponyani, akulu," adatero Nachisale osadzuka. "Pano ndi apo mpofika malovu. Ipsereza iwo, inu ikusiyani chifukwa imakudziwani?"

Nguluwe adayang'ana nsupa ya kwawo, adayang'ana ya kutsidya, n'kubwerera m'mbuyo pang'ono.

"Wakumba manda awa ndani?" adafunsa Njati.

"Ife, Chalo. Ana a sukulu a imvi aja. Mwati mvula isanagwe muotchana. Ndiye tati tikukumbirenitu adzukulu akadalipo. Mafumu aakulu ngati inu kuwola pamtetete ngati Agwape, si ulemu."

"Mwatchula yani potema?"

"Mwini nsupa. Awa wa tsidya lino, awo wa tsidya lija. Onse ali panowa adamva."

Khamu lidang'ung'udza. Maso onse adapita kudzuwa, limene lidali litayamba kupendeka.

"Kwirirani," adatero Njati.

Palibe adagwira khasu. Ngakhale asilikali adayang'ana kumbali, chifukwa wokwirira manda apululu amadzitengera tsoka pakhomo pake.

Njati adaona Nang'omba atabisala kumbuyo kwa anthu. "Aphunzitsi, inu mudawerenga. Auzeni anthuwa kuti izi n'zachikale."

Nang'omba adatuluka. Adayang'ana mfumu, adayang'ana nsanza za kumaso kwa Mfuko. Mawu ake aakulu aja adatuluka ang'onoang'ono.

"Chalo, m'mabuku mulibe za manda. Koma ine ndidabadwira konkuno. Manda sagona apululu. Ndikanama pano, mawa mudzandifunsa."

"Ndiye kaduleni nthochi," adatero Nchefu, kufatsa kuja kutayamba kutha. "Mathunthu awiri. Fulumirani."

Asilikali a mbali zonse adathamangira kumadimba. Adabwerako manja ali zii. Adawatumanso kumadimba akutali, adabwerako thukuta lokhalokha. Nthawi yonseyo amayi ankaimba, ndipo mithunzi ya anthu inkatalika kulowera m'maenje. Tsopano ovomera sadali ophunzira okha. Akazi a midzi yonse iwiri adalowa m'nyimbo, ndi amuna ena okalamba.

Njati adakhosomola. "Nguluwe, wanditumikira zaka zambiri osalandira kanthu. Lero pamaso pa anthu onsewa ndikukupatsa mphoto. Nsupa ija ndi yako."

"Chalo, mphoto yotere ikulira munthu ngati ine."

"Ukukana mphatso ya mfumu?"

"Ndili ndi ana aang'ono, Chalo. Apatseni aphunzitsiwa."

"Ine ngakhale choko si changa," adatero Nang'omba.

Nchefu naye adayesa nduna zake imodziimodzi. Ina idati ikudwala, ina idati chipembedzo chake sichilola. Pomaliza adati kunena zoona nsupayo mwini wake ndi Nungu amene adaipanga. Koma Nungu adali kutali, ndipo dzuwa silinkadikira.

Nachisale adadzuka n'kusasa dothi pachitenje. "Zodabwitsa. Dzulo nsupa idali yotigonetsa tulo, lero ilibe mwini. Tamverani, mafumu, nthawi yatha. Manda aitana mwini nsupa. Nsupa ikalowa m'menemo n'kukwiriridwa, mwini wake ndi dothi, ndipo dothi lili kale m'manda. Apo ayi, lowani nokha. Kachipinda takukonzerani kabwino."

Mafumu adayang'anana.

"Ayambe ndi iye," adatero Njati.

"Ayambe ndi iye," adatero Nchefu.

"Maenje ndi awiri," adatero Mfuko atakhala m'mbali mwa dzenje. "Ine wosaona ndikudziwa zimenezo. Zilowe limodzi."

Padatsala vuto limodzi, ndipo Nachisale adalidziwa kuyambira tsiku la phala lija. Mtembo saponya m'manda. Mdzukulu amatsikira pansi, amaulandira ndi manja, n'kuugoneka m'kachipinda. Nsupa ndiye kuiponya kukadakhala kuiswa. Wina adayenera kuimasula kunsungwi ali pansipo, kuifungatira, n'kukaigoneka.

"Atsike ndani?" adafunsa Njati. Khamu lonse lidabwerera m'mbuyo.

"Kwa ine n'kosavuta," adatero Nchefu. "Maliro a kwathu amaika ndi a kwa Njati. Mkamwini wasenzayu kwawo n'komweko. Atsike."

Sankhulani adayamba kuyenda kulowera kudzenje. Apo m'pamene Nachisale adaona phewa lija. Ubweya udali utayamba kale kuyoyoka, malo ngati chikhatho.

"Ima pomwepo, iwe."

"Amayi, ine yandiyamba kale. Inu mulibe kanthu."

"Ndati ima. Ukayankhe akazi ako choncho, osati ine." Adatembenukira kwa Nchefu. "Mudati mkamwini alibe mwini. Mwini wake ndine. Wa kwa Njati mukumufunayo ndi ine ndemwe."

Asanamugwire aliyense, adalumphira m'dzenje.

Muimba adamasula duku lake n'kupatsa Mfuko. "Sungani, achemwali. Ine si wa kuno, si wa uko, ndingaike maliro a aliyense. Komanso chinthuchi chidandidya kale theka, chingomaliza." Adatsikira m'dzenje linalo.

Sankhulani ndi kambewa ka kwa Njati adapendeketsa nsungwi zawo pang'onopang'ono. Nyimbo idaleka. Nachisale adamasula chingwe, adalandira nsupa ndi manja awiri. Idali yofunda ngati mwana wakhanda, ndipo mkati mwake munkamveka kulira ngati njuchi. Adaigunditsa pachifuwa kuti isaterereke, adakwawa nayo m'kachipinda, adaigoneka, n'kutsekapo ndi miyala.

"Zatheka uko, achemwali?" adafunsa.

"Zatheka," adayankha Muimba.

Adawakoka onse awiri. Amayi adapereka makasu kwa amuna, ndipo a kwa Njati adakwirira manda a kwa Nchefu, a kwa Nchefu adakwirira a kwa Njati, monga mwa kale. Dzuwa lidalowa mitumbira iwiri itaumbidwa.

Sabata isanathe, Njati adauza bwalo lake kuti nzeru yokwirira nsupa idali yake kuyambira pachiyambi. Nchefu adauza bwalo lake zomwezo. Sukulu idatsegulidwa, ndipo Njati adapereka masileti atsopano, anthu n'kumuwombera m'manja.

Muimba adatsogola. Adamwalira mitambo itangoyamba kusonkhana. Nachisale adapitabe kumunda mpaka khasu lidayamba kumugwa m'manja. Ubweya udatha pachifuwa, kenako thupi lonse. Sankhulani adawoloka ndi mkazi wake ndi ana kudzamudwazika. Phewa lake lidatsala ndi chipsera, koma matendawo sadapitirire.

Tsiku lina Nang'omba adabwera ndi kanthu m'khwapa. Adakhala pakhomo.

"Ndakubweretserani buku lachiwiri, mayi. Anzanu ayamba dzulo."

"Ndidalimaliza, aphunzitsi. Apatseni adzukulu angawa." Adapuma, kenako adaitana mwana wake. "Sankhulani, khala apa. Usalire, ndilibe nthawi. Chokwiriridwa chimafukulidwa. Makasu alipo, mafumu alipo, Nungu ali moyo kumene aliko. Njira yopita kumanda ija uzisesa m'mawa uliwonse, iziti mbee, pasatsale ndi tsamba lomwe. Wopita kukafukula asiye phazi. Ukaliona usapite wekha, ndipo usapite kwa mfumu. Thamangira kusukulu."

"Ndamva, amayi."

"Kumva n'kumva, tsache lili kuseri kwa chitseko."

Adamwalira mvula yoyamba isanagwe. Adzukulu adachokera kwa Nchefu, ndipo adabwera ochuluka mpaka makasu adachepa. Pasiwa pake adaimba nyimbo ija, ndipo kwa nthawi yoyamba ovomera adayankha funso, kutchula midzi yonse iwiri.

Kuyambira pamenepo Sankhulani ankasesa. Ana ake adakula akusesa, ndipo mpaka lero sakhwi salola kachitsotso panjira yake. Mukamuona akuthamanga uku ndi uku, kuchotsa timasamba ndi mphuno, musamuyese waukhondo chabe.

Zaka zidapita, anthu adayamba kumuseka kuti amasesera mizimu. Ndiye m'mawa wina, mvula itagwa usiku, Sankhulani adafika ndi tsache lake n'kupeza chiboda chadinda pakati pa njira, choloza kumanda. Adawerama, adachiyang'anitsitsa. Kaya chidali cha njati kaya cha nchefu, matope adali atachifufutitsa. Pambali pake padali kamzere kokhwekhwereza, ngati ka mpini wa khasu.

Adaponya tsache pansi n'kuthamangira kusukulu.

Yanga yathera pomwepa. Amene adakwirira mbatata paphulusa akaphule yekha, koma ayambe waona amene wakhala pafupi ndi motowo.